Akuti nkhaniyi ithere panyumba, koma mwana ali ndi zaka 15

Nachisale88
Abale anga a pagulu pano, ndigawireniko nzeru, mutu wanga waima. Sinditchula dzina la munthu kapena la mudzi, mungodziwa kuti ndi kwathu konkuno ku Mchinji. Mwana wa akulu anga, mtsikana wa zaka 15 yemwe ali Sitandade 8, wagwiriridwa Lachiwiri madzulo. Wachita zimenezi ndi mng'ono wawo wa alamu anga, yemwe mwanayo amamuitana kuti bambo aang'ono. Anamutuma kuti akatenge masaka a soya kunyumba kwake dzuwa litapendeka, iye n'kumutsatira. Mwana sanauze munthu mpaka dzulo usiku, nditaona kuti nsima sakuikhudza ndipo akungokhala kuseri kwa khitchini. Nditamufunsa, mawu ake oyamba anali akuti, "Mayi aang'ono, musandimenye."

Lero Lachinayi m'mawa akuluakulu akumana. Akuchimuna akuti nkhani ya m'banja sipita kupolisi, apereka mbuzi ziwiri ndi K200,000, ndipo munthuyo ayambe wakakhala ku Chipata mpaka mitima itazizira. Atsibweni athu, eni mbumba, akuoneka kuti avomera. Akulu anga akungolira, poti munthu yemweyo ndiye amagulira mwanayu yunifolomu ndi makope, komanso akuopa banja lawo kutha. Ine mtima wanga ukukana. Koma mwana anasamba kale. Kodi kupolisi angatimvere patapita masiku awiri? Nanga loya timupeza bwanji ife opanda ndalama?

NesiWaUsiku
Achemwali, za mbuzi ndi za loya zisiyeni kaye. Mutengeni mwanayo mupite naye kuchipatala lero lomwe, dzuwa lisanalowe. Pali mankhwala otchedwa PEP oteteza kuti asatenge HIV, ndipo amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72 chichitikireni. Ngati zinachitika Lachiwiri madzulo, nthawi ikutha mawa Lachisanu madzulo, koma musadikire mawa, chifukwa akachedwa kuyamba mphamvu yake imachepa. Amamwa masiku 28 osadumphitsa. Amupatsanso mapiritsi a pangozi oteteza mimba ndi mankhwala a matenda ena opatsirana. Kuchipatala cha boma zonsezi n'zaulere.

Kusamba sikuthetsa nkhani. Timamuyezabe, timalemba zomwe taona ndi zomwe iye wafotokoza, ndipo lipotilo limakafika kukhoti. Zovala zomwe anavala tsikulo zili kuti?

Nachisale88
Anazibisa pansi pa mphasa, sizinachapidwe. Ndaziona, siketi yang'ambika m'chiuno.

NesiWaUsiku
Musazichape, musaziyanikenso padzuwa. Zikulungeni m'nyuzipepala kapena muziike mu envulopu yaikulu ya khaki. M'jumbo ayi, zimachita chinyontho n'kuyamba nkhungu. Mutengenso buku lake la kuchipatala.

Gomani_Kabaza
Mayi, muli mbali iti? Ngati ndi cha ku Kamwendo, Tembwe kapena kuyandikira kuboma, ndilembereni kumbali ndikunyamuleni. Za mafuta musaganize.

Bambo_wa_Asanu
Ine ndilankhula ngati munthu wamkulu, ndipo ndikudziwa kuti ena munditukwana. Wachita zimenezi walakwa, chilango akuyenera. Koma taganizirani mawa la mwanayu. Nkhani ikafika kupolisi mudzi wonse umva, kusukulu amuloza zala, ndipo banja la mayi ake litha. Akamangidwa uyo, makope agula ndani? Makolo athu sanali opusa pomwe ankakhala pansi pa mtengo n'kuweruza okha. Bwanji apite kuchipatala mwakachetechete, zinazo akambirane pachibale?

NaJere
Bambo, mwana wanu wamkazi ndi mbuzi zingati?

Bambo_wa_Asanu
Mayi, sindinanene kuti mwana ndi wogulitsa. Ndikunena za manyazi omwe asenze ndi mwanayo, osati inu kapena ine.

NaJere
Manyazi ndi a wogwiririrayo. Ife timawachotsa pamutu pake n'kuwasenzetsa mwana, kenako n'kumati tikumuteteza.

Paralegal_MC
Ndimathandiza anthu pa nkhani za malamulo kumidzi, ndiloleni ndifotokoze bwinobwino, pepani zitalikirapo.

Mayi Nachisale, simukusowa loya kuti mlanduwu uyambe. Mlandu wogwiririra kapena wogona ndi mwana ndi wa boma. Inu mukakanena, apolisi amatsegula doketi (fayilo ya mlandu), amafufuza, ndipo kukhoti amaimira mlanduwo ndi wapolisi woimira boma pa milandu. Mwanayo ndi inu ndinu mboni. Simulipira kanthu. Mukafika kupolisi funsani ofesi ya Victim Support Unit, kumeneko amamvera nkhani ngati izi m'chipinda chapadera, osati pakauntala pomwe pali anthu odandaula za njinga zobedwa. Masiku awiri si kuchedwa. Mlandu suola.

Bambo_wa_Asanu, mlandu uwu mfumu, ankhoswe kapena eni mbumba alibe mphamvu youweruza. Gawo 138 la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, limati wogona ndi mwana atha kukhala kundende moyo wake wonse, ndipo kuti mwanayo analola kapena sanakuwe si chodzitetezera cha munthu wamkulu. Kulandira mbuzi kapena ndalama kuti mlandu waukulu chotere ubisike ndi mlandunso pawokha. Komanso lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limalamula wachibale, wachipatala ngakhale munthu wamba wa m'mudzi kuti akanene akadziwa kuti mwana wachitidwa nkhanza. Choncho njira yanu yopita kuchipatala mwakachetechete siingatheke, achipatalawo ali ndi udindo wodziwitsa apolisi kapena a social welfare.

Mukonzeretu umboni wa zaka za mwana: khadi la kusikelo, kalata ya ubatizo, chiphaso cha kubadwa kapena kalata ya ahedi yochokera m'kaundula wa sukulu. Ndaonapo milandu ikuvuta chifukwa woimbidwa mlandu akuti ankayesa wamkulu, makolo n'kumasemphana chaka chobadwa pamaso pa majisitireti.

Mphunzitsi_Waliranji
Malire si zaka 16 kodi? Ndi zomwe tinaphunzitsidwa ku semina.

Paralegal_MC
Aphunzitsi, zinali choncho kuyambira 2011, ndipo kale kwambiri zinali zaka 13. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo mu 2023 Penal Code nayo inasinthidwa kuti igwirizane nazo. Panopa ndi zaka 18, ndipo lamuloli likuteteza mtsikana ndi mnyamata yemwe.

Mlimi_wa_Mtedza
Zolembedwazo n'zokoma kuwerenga, koma ine ndinayendamo. Mdzukulu wa alongo anga zinamuchitikira zaka zitatu zapitazo. Tinakanena kupolisi ina yaing'ono, anatiuza kuti galimoto ilibe mafuta, tisonkhe. Tinasonkha. Munthu anagwidwa, patatha sabata ziwiri tinakumana naye pamsika akugula matemba, akuti watuluka pa belo. Kukhoti tinapita kasanu, ulendo uliwonse thiransipoti ya anthu atatu, n'kungomva kuti mlandu wasunthidwa. Tinatopa, tinasiya. Ndiye mukamanena kuti simulipira kanthu, muzinenanso zimenezi.

Paralegal_MC
Bambo, sindikutsutsani, zotere zimachitika ndipo zimapweteka. Koma belo si kumasulidwa. Ndi ufulu wa aliyense amene sanapezeke wolakwa, ndipo mlandu umakhala ukupitirira. Chomwe ambiri sadziwa n'choti mutha kuuza woimira boma, belo isanaperekedwe, kuti munthuyu amakhala khomo loyandikana ndi mwana kapena akufuna kuthawira ku Zambia, iye n'kukatsutsa belo pamaso pa majisitireti. Akatuluka n'kumaopseza mboni, mukanene tsiku lomwelo, belo imalandidwa. Mlandu wanuwo mwina unafa chifukwa mboni zinaleka kubwera, ndipo ndi chimene achibale a wolakwa amadikira. Tsiku loyamba lomwe lembani nambala ya doketi ndi dzina la wapolisi wofufuza. Ngati sakuyendetsa bwino, pitani kwa mkulu wa polisiyo. Zikakanika pali Independent Complaints Commission yomwe imamva madandaulo okhudza apolisi, palinso Malawi Human Rights Commission.

Mlimi_wa_Mtedza
Zikanakhala kuti wina anatiuza izi nthawi imeneyo. Mwanayo anasiya sukulu, pano ali ku esiteti ku Kasungu.

Kamwendo_Boy
Apolisi omwewa? Mwaiwala za ku Msundwe?

Loya_Mawa
Sitinaiwale, tonse timadutsa pomwepo popita ku Lilongwe. Koma ikumbukireni nkhaniyo mpaka kumapeto. Zinachitika mu Okutobala 2019 ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika. Amayi ndi atsikana aja anali anthu wamba ngati ife, ndipo omwe anawagwiririra ndi kuwachitira nkhanza anali apolisi enieniwo. Bungwe la maloya aakazi la Women Lawyers Association linawaimira, ndipo mu Ogasiti 2020 Justice Kenyatta Nyirenda wa High Court ku Lilongwe anagamula mokomera amayi 18, n'kulamula kuti apatsidwe chipukuta misozi. Akanakhala chete palibe chikanalembedwa.

Ndionjezere pa funso la loya. Kupatula mlandu wa boma, wochitiridwa nkhanza atha kusumira wolakwayo payekha kuti alipire chipukuta misozi. Apo ndiye pamafunika loya, ndipo opanda ndalama amapita ku Legal Aid Bureau. Ndalama yolamulidwa ndi khoti ndi yosiyana ndi K200,000 ya pansi pa mtengo ija, chifukwa siigula pakamwa pa munthu.

Amai_Fatsani
Komanso atsikana a masiku ano mavalidwe awo ndi mafoniwa, tiziwalangiza. Sindikunena za uyu ayi, koma ena amaziputa okha.

NaJere
Anavala siketi ya kusukulu, anatumidwa masaka ndi bambo ake aang'ono. Waputa chiyani?

Mphunzitsi_Waliranji
Amai_Fatsani, ndaphunzitsa zaka 19. Ana omwe ndawaperekezapo kuchipatala pa nkhani ngati iyi, wamng'ono kwambiri anali Sitandade 2. Analibe foni, analibe thalauza. Ndipo pafupifupi onse, wolakwa sanali mlendo wa pamsewu. Anali bambo omupeza, msuweni, woyandikana naye nyumba, wogulitsa pa okala yemwe ankamupatsa maswiti. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, n'chifukwa chake nkhanizi zimathera m'nyumba. Mawu ngati anuwo ana amawamva tikamacheza pamtondo, ndiye zikawachitikira amayamba ndi kupepesa. Mwamva mmene uyu anayambira: musandimenye.

Amai_Fatsani
Ndamva aphunzitsi. Mawu amenewo andilasa inenso.

Admin_Mchinji
Chonde tisafunse mudzi kapena sukulu ya mwanayu, ndipo wina asajambule zokambiranazi n'kukaika pa Facebook. Ndachotsa uthenga wa munthu amene amalozera dzina la banja.

Ndinakhala_Chete
Ndalowa ndi nambala ina kuti musandizindikire. Ine nkhani yanga inathera pansi pa mtengo, momwe Bambo_wa_Asanu akufuniramu. Ndinali ndi zaka 14. Anapereka mbuzi imodzi ndi nkhuku, akuluakulu anagwirana chanza, ine ndili m'nyumba, palibe anandifunsa kanthu. Mbuziyo inamangidwa kuseri kwa nyumba yathu ndipo ine ndi amene ndinkakaidyetsa m'mawa uliwonse. Inaswa kawiri. Munthu uja ndinkakumana naye kuchigayo, kumaliro, kutchalitchi, amandipatsa moni ngati palibe chinachitika, ine n'kumagwada poyankha poti ndi wamkulu. Mudzi unadziwabe, musaganize kuti mbuzi imatseka pakamwa pa anthu. Kusiyana kwake n'koti anadziwa kuti kwathu tinalandira. Patapita zaka zinayi anachitanso kwa mwana wina, wamng'ono kuposa ine.

Pano ndili ndi zaka 37, ndili ndi ana anga, koma mayi anga sindinawakhululukire bwinobwino mpaka anamwalira, ndipo chimenecho chimandiwawa kuposa zonse. Mayi Nachisale, akulu anuwo auzeni zimenezi. Banja akuopa kutayalo n'laling'ono poyerekeza ndi mwana amene adzamutaye ali moyo.

Bambo_wa_Asanu
Mwana wanga, pepa. Ndilibe choyankha.

NesiWaUsiku
Achemwali a Ndinakhala_Chete, zikomo potikhulupirira. Uphungu ulibe nthawi yoti watha, ngakhale papite zaka 20. Nambala ya 5600 ndi yaulere, ya nkhanza zotere, amaiyendetsa a YONECO. Ya ana ndi 116, Tithandizane. Mutha kuimba osatchula dzina.

Gomani_Kabaza
Funso langa. Mnyamata akagwiriridwa amapitanso komweko? Kusiteji kwathu kuli nkhani ya kamnyamata kena koweta ng'ombe, anthu akungoseka.

Paralegal_MC
Komweko achimwene, chipatala chomwecho, PEP yemweyo, Victim Support Unit yomweyo. Anyamata ndiye amabisa kwambiri chifukwa cha kusekedwako. Ngati mukumudziwa, imbani 116 kapena muuze wa social welfare, musadikire abwana ake a ng'ombezo.

MaiBusa_K
Nanga mwamuna kukakamiza mkazi wake m'nyumba? Kumsonkhano wa amayi funsoli limabwera chaka chilichonse ndipo timangoyang'anana.

Loya_Mawa
Mayi busa, pamenepo lamulo lathu silinafike pomwe ambirife tikufuna. Lamulo la maukwati la 2015 limatchula kuti mwamuna wagwiririra mkazi wake ngati khoti linagamula kuti apatukane kaye ndipo wamugona popanda chilolezo. Koma lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la 2006 limawerengera nkhanza zogonana ngati nkhanza za m'banja, ndipo mayi atha kukapempha khoti kuti limuteteze. Chipatala nacho sichifunsa ngati wakuvulazayo ndi mwamuna wako. Iyi ndi nkhani yoyenera tsiku lakelake, tiyeni tibwerere kwa mwana uja.

Mphunzitsi_Waliranji
Mayi Nachisale, za sukulu. Mwanayu ali ndi mayeso a Sitandade 8 kutsogoloku, musamusiyitse. Uzani ahedi okha kapena mphunzitsi wamkazi mmodzi amene amamukhulupirira, ndi mayi mmodzi wa mother group, osati sitafu yonse. Ngati kwawoko munthu uja kapena abale ake ali pafupi, mutengeni akakhale kwanu, transfer sivuta. Ndipo kunyumba musamufunse nkhaniyi mobwerezabwereza. Aliyense wobwera kudzazonda akafuna kumva yekha, mwana amatopa, amayamba kusintha mawu kuti zithe msanga, kenako kukhoti amati akunama.

Nachisale88
Kukhotiko ndiye kukundiopsa. Mwanayu ndi wamanyazi, angalankhule pamaso pa gulu, munthu uja akumuyang'ana?

Paralegal_MC
Gawo 71A la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kayendetsedwe ka milandu kukhoti, limalola kuti pa milandu yotere khoti litulutse anthu osakhudzidwa, liike chotchinga kuti mboni isaonane ndi woimbidwa mlandu, komanso kuti pambali pake pakhale munthu amene amamudalira. Muuzeni woimira boma tsiku la mlandu lisanafike kuti akapemphe zimenezi, chifukwa nthawi zina sakumbukira yekha. Dzina la mwana silololedwa kutuluka m'nyuzi kapena pawailesi. Ndipo zilango zasintha: High Court yakhala ikukweza zilango za ogona ana mpaka zaka 40 ikaona kuti khoti laling'ono linapereka chochepa.

Kamwendo_Boy
Koma achangu. Kuchoka kumidzi ya m'malire kulowa Zambia n'kungodumpha munda, safuna kudzera pa Mwami. Akamva kuti mwapita kuchipatala, usiku womwewo wapita.

NaJere
N'chifukwa chake asalengeze. Anene kuti mwana akudwala malungo, akukamuyezetsa.

NesiWaUsiku
Kuzipatala zazikulu ngati Kamuzu Central kuli malo otchedwa Chikwanekwane, pomwe wachipatala, wapolisi ndi wa social welfare amapezeka pamodzi kuti mwana asazungulire maofesi akubwereza nkhani. Mukafika pachipatala cha boma funsani ngati thandizo lotero lilipo. Wina akakuuzani kuti mukatenge kaye kalata kupolisi, muuzeni kuti maola a PEP akutha, amupatse mankhwala, kalatayo ibwera pambuyo.

Nachisale88
Ndabwerako abale, pepani ndinazima, foni inatha moto. Achimwene a Gomani anatinyamula, Mulungu awadalitse, anatidikira panja mpaka mdima. Mwana wayezedwa, HIV alibe, wayamba PEP usiku womwewu ndipo wamwa mapiritsi a pangozi. Anatithandiza ndi mayi, anamulankhula mofatsa, ine anandilola kukhala pambali. Zovala zija ndinakulunga m'nyuzipepala monga munanenera, tazisiya kupolisi, alemba sitetimenti ya mwana ndi yanga. Nambala ya doketi ndailemba kuchikuto cha buku la nyimbo.

Chomwe sindinayembekezere n'choti akulu anga anatitsatira. Ndinawawerengera uthenga wa achemwali a Ndinakhala_Chete tisananyamuke, sanayankhe, anangolowa m'nyumba. Tili pamzere kuchipatala ndinangoona afika, chitenje chili kumutu, khadi la kusikelo la mwana lili m'manja.

Ndinakhala_Chete
Ndalira. Mumuuze mwanayo kuti kuli mayi wina amene akumunyadira.

Mlimi_wa_Mtedza
Nanga munthu uja?

Nachisale88
Amugwira lero m'bandakucha, chikwama atamanga kale. Atsibweni akwiya, akuti ndawachotsa ulemu pamaso pa akuchimuna ndipo ndisadzapondenso pakhomo pawo. Alamu anga sakulankhula ndi aliyense. Mbuzi zija zinali zitafika kale dzulo masana, ndauza mlongo wanga azibweze pamaso pa amfumu kuti pasadzakhale nkhani yoti tinalandira.

Paralegal_MC
Mwachita bwino kubweza pamaso pa mboni, ndipo wapolisi wofufuza mumuuzenso za mbuzizo ndi za chikwamacho, zithandiza potsutsa belo. Lamulo limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, koma maolawo akathera pa tsiku lomwe khoti siligwira ntchito amaonekera tsiku loyamba lomwe khoti latsegula, ndiye poti lero ndi Lachisanu yembekezerani Lolemba. Sabata zikubwerazi abale ake azibwera usiku kudzakupemphani kuti mukathetse mlandu, ena ndi misozi, ena ndi ziopsezo. Muziwayankha kuti mlandu suli m'manja mwanu, uli ndi boma. Aliyense woopseza, lembani tsiku ndi mawu ake.

Bambo_wa_Asanu
Mayi Nachisale, atsibweni anuwo ndi a msinkhu wanga, ndipo dzulo ndimaganiza ngati iwo. Musawayankhe mwaukali, apatseni masiku. Ngati mungalole, thiransipoti ya ulendo woyamba wa kukhoti ndilipira ine, nditumiza kudzera kwa a Admin.

NesiWaUsiku
Mankhwalawo ena amawachititsa nseru kapena mutu masiku oyamba, asasiye, azimwa atadya kanthu ndipo nthawi ikhale imodzimodzi tsiku lililonse. Tsiku lobwerera kuchipatala lomwe alemba m'bukumo musaliphonye, akamuyezanso. Akamadzidzimuka usiku kapena kukana kugona yekha, n'zomwe zimachitika, mugone naye chipinda chimodzi.

Nachisale88
Akugona ndi ine kale. M'mawa uno wadya phala pang'ono, kenako wandifunsa ngati Lolemba apite kusukulu kapena kukhoti. Aphunzitsi a ku Waliranji, ndikulemberani kumbali za transfer ija.